Dalaivala Amene Adapalamula Poima

M'dziko lina la anthu aulemu ndi oopa Mulungu mudali mudzi umene udakula mpaka udayamba kuchita manyazi ndi dzina loti mudzi. Anthu adachuluka, nyumba zidathinana, mashopu adamera pamene kale padali madimba, koma msewu udakhalabe umodzi womwe uja, wodula mudziwo pakati. Msika udali tsidya lina, nyumba zambiri ndi sukulu tsidya linalo, choncho aliyense ankayenera kuwoloka msewuwo kawiri patsiku. M'mawa ankawoloka atapemphera, madzulo atalapa.

Anthu a m'mudziwu adali ofatsa zedi mapazi awo akakhala pansi. Munthu ankakupatsa moni ndi manja awiri, n'kukufunsa za ana, za mvula, ngakhale za chifuwa cha apongozi ako. Koma munthu yemweyo akangogwira chiwongolero ankasanduka wina. Aliyense adali pachangu, ngakhale amene ankathamangira kukakhala pansi pa mtengo kukaonerera bawo. Madalaivala a minibasi ankapikisana ngati kutsogoloko kukugawidwa minda. Akabaza a njinga zamoto ankanyamula bambo, mayi, ana awiri ndi chitseko, n'kumadandaulabe kuti malo atsala. Mabuleki ankaonedwa ngati chinthu cha m'nyumba, chogwiritsa ntchito munthu akafika pakhomo pake. Huta ndiye idali mtima wa galimoto. Yopanda magetsi inkayenda, ya matayala osalala ngati dazi inkayenda, koma huta ikafa mwini wake ankaiika galimotoyo pamiyala.

M'mudzi womwewo mudali bambo wina, Elisoni Kafumbata, wamtali, wolankhula ngati mawu amachita kupempha. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu adakhala akuyendetsa pikapu ya pafamu ina ya nkhuku, kunyamula mazira kukasiya m'mashopu. Mazira salalata, koma ukalakwa amakuuza pompo, ndipo ndiwo adawaphunzitsa a Kafumbata kuyendetsa. Ankasintha magiya ngati akutembenuza khanda lomwe lagona. Dzenje ankaliona lidakali patali n'kuyamba kulilemekeza. Akazi awo, Nachisale, ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo m'mawa uliwonse a Kafumbata ankawaona akutuluka ndi beseni pamutu kulowera kumsewu. Mwina n'chifukwa chake adali ndi chizolowezi china chimene anzawo ankachiona ngati matenda.

Pafupi ndi msika padali mizere yoyera yopingasa msewu. Adaijambula alendo ena kalekale, n'kujambulitsapo zithunzi, n'kumapita kwawo. Ambiri ankati n'zokongoletsa. A Kafumbata okha ndiwo ankafika pamenepo, akaona munthu akufuna kuwoloka, n'kuima.

Sikuti oyenda pansi ankayamikira. Ankakayika. Tsiku lina adaimira mkulu wina wa ndodo, namukodola ndi dzanja kuti adutse. Mkuluyo adayang'ana galimoto, adayang'ana dalaivala, n'kubwerera m'mbuyo masitepe awiri.

"Pitani, bambo, ndakuonani," adatero. "Mukufuna ndifike kaye pakati."

Tsoka lidagwa Lachiwiri lina m'mawa. Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka adaima pamizere paja ndi tiana khumi togwirana manja, ndipo a Kafumbata adaponda buleki monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwawo kunkabwera minibasi ya dalaivala wotchuka amene aliyense ankamutcha Jekiseni, chifukwa ankalowa paliponse ndipo anthu ankamva kupweteka iye atachoka kale. Jekiseni adali akuyang'ana kumbali, kulalatira mnzake amene ankafuna kumupitirira. Phokoso lake lidamveka mpaka kutchalitchi. Tiana tija tidathawa tili bwinobwino, a m'minibasi adatuluka akugwira milomo ndi mawondo, ndipo mazira a sabata yonse adayenderera mumsewu mpaka agalu a mbali zonse ziwiri adaiwala udani wawo.

Khamu lidasonkhana, ndipo lidagwirizana msanga kuti wolakwa ndi wa pikapu. Wapolisi wa pamsewu, Sajeni Kwalimba, adafika akupukuta pakamwa, natulutsa kabuku.

"Munaimiranji, bambo?"

"Panali ana akuwoloka, bwana."

"Anawo anakulemberani kalata kuti awoloka lero?"

A Kafumbata adati ayi. Sajeni adalemba kuti woyendetsa pikapu adaima mwadzidzidzi pamalo pomwe palibe amene amayembekezera kuti munthu wanzeru zake angaime. Adawakumbutsanso kuti aka kadali kachitatu chaka chomwecho kugundidwa kumbuyo pamalo omwewo, ndipo nkhani yotere idaposa msinkhu wa sajeni. Idayenera kupita kumwamba.

Kumwambako kudali Komiti Yaikulu Yoona za Bata Pamsewu, Mizere, Zikwangwani ndi Zina Zotero. Maofesi ake adali m'nyumba yosanja, ndipo mawindo onse adayang'ana kumapiri kuti phokoso la msewu lisasokoneze oganizira za msewuwo. Wapampando wake adali Wolemekezeka Dokotala Bizaliele Mkwapatira, Tate wa Oyenda, Mlonda wa Matayala Onse. Udokotala wawo udali wochita kupatsidwa, koma ankausamala kuposa amene adauvutikira. Padali patapita zaka makumi awiri phazi lawo lisanaponde phula. Ankachoka pakhonde kulowa m'galimoto, kuchoka m'galimoto kulowa pakhonde lina.

A Kafumbata adavala jekete la paukwati wawo, natenga kabuku kakale ka malamulo a pamsewu kamene adaphunzirira ali mnyamata. Adali ndi chikhulupiriro kuti anthu ophunzira akamva nkhani yonse aseka, n'kuwauza kuti azipita kwawo.

Mlembi wa komiti adayamba ndi kuwerenga lipoti. Mamembala adali atakhala masabata atatu kuhotela ina yakutali, komwe kulibe magalimoto osokoneza maganizo, kufufuza gwero la ngozi za pamizere yoyera. Adapeza kuti nthawi zonse pamene galimoto idagundidwa kumbuyo, galimotoyo idali itaima. Adapezanso kuti nthawi zonsezo galimoto yoimayo idali ya bambo Kafumbata. A Kafumbata adakweza dzanja n'kufunsa za anthu oyenda pansi amene ankagundidwa pamalopo pafupifupi sabata iliyonse. Mlembi adawayankha mwaulemu kuti munthu akagundidwa amapita kuchipatala kapena kumanda, ndipo malo awiri onsewo ali ndi makomiti awoawo.

Jekiseni adaitanidwa ngati katswiri. Adafika atavala tayi yobwereka, nalumbira kuti pa zaka zake zonse za pamsewu sadagundepo galimoto imene inkathamanga kuposa yake. Mamembala adagwedeza mitu, ena adalemba.

Pomwepo a Kafumbata adatsegula kabuku kawo pa tsamba la mizere yoyera, nakapereka kutsogolo ndi manja awiri. Wolemekezeka Mkwapatira adakagwira ndi nsonga za zala, adakatembenuza, adayang'ana chaka chimene kadasindikizidwa, n'kupumira m'mwamba.

"Bambo Kafumbata, buku ili linalembedwa nthawi imene anthu anali asanakhale ndi zochita. Mudzi uno ukuthamangira chitukuko. Inu mwaima panjira yake katatu konse."

Chigamulo chidali choti laisensi yawo isungidwe ndi komiti mpaka atasonyeza kusintha. Ndipo pofuna kuti wina asadzanyengekenso, mizere yoyera ija ipakidwe utoto wakuda. Ntchito yopakayo idatha tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Akuluakulu a m'mudzimo adati chibadwire chawo sadaonepo ntchito ya komiti ikutha msanga chotero.

Mwini famu ya nkhuku adali mayi wachifundo. Adalira nawo, adawapatsa tambala mmodzi wotsanzikira, nalemba dalaivala wina amene ankaswa mazira ochepaochepa tsiku lililonse m'malo moswa onse kamodzi.

Motero a Kafumbata adasanduka woyenda pansi. Kunyumba kudawakanika kukhala, nayamba kuperekeza akazi awo kumsika kukathandiza kuunjika tomato. Tsiku loyamba adaima m'mbali mwa msewu kwa theka la ola, akudikira mpata. Nachisale, amene adali atawoloka kale, adabwerera kudzawatenga ngati mwana wa sitandade wani.

Adawaphunzitsa zimene akazi a pamsika onse ankadziwa. Dalaivala osamuyang'ana m'maso, angaganize kuti mwagwirizana zoti iye adutse. Ukayamba osabwerera. Ukaona munthu wonenepa akuwoloka, khala mbali yake yosachokera magalimoto. Ndipo minibasi ikaonetsa kuti ikukhotera kumanzere, dziwa kuti waya wina wangogundana ndi mnzake, zilibe tanthauzo.

"Zaka zonsezi umawoloka chonchi?" adafunsa a Kafumbata atafika tsidya.

"Nanga mumati ndimauluka, bambo a Tiyese?" adayankha Nachisale akutula beseni.

Pafupi ndi benchi ya Nachisale pankakhala Abiti Sumani, wogulitsa mandasi, mayi wa ana anayi, woseka ndi thupi lonse. Ndiye ankawaseka kwambiri a Kafumbata, kuwatcha dalaivala wa tomato, koma tsiku lililonse ankawasungira ndasi limodzi lotentha. M'mwezi wachiwiri, Lachinayi lina masana, Abiti Sumani adanyamuka kukatenga mwana wake wamng'ono kusukulu. Lole ya mchenga inkapitirira minibasi imene inkapitirira minibasi inzake. Zonse zidachitika pamalo pomwe padali mizere paja, a Kafumbata akuona. Ndiwo adatola patapata wake mmodzi ndi chitenje, ndipo ndiwo adapita kusukulu kukatenga mwanayo, poti padalibe wina amene adalimba mtima kutero. Njira yonse mwanayo ankawafunsa chifukwa chake amayi ake sadabwere okha, iwo n'kumangomuuza kuti agwire dzanja zolimba.

Abiti Sumani adaikidwa m'manda madzulo a tsiku lomwelo. Anthu adati idali nthawi yake. Woyendetsa lole adathawa, n'kubwera patapita sabata kudzatenga lole yake, mchenga uli momwemo. Sabata yomweyo komiti idalengeza pa wailesi kuti chipakireni utoto wakuda palibe galimoto ngakhale imodzi imene yagundidwa kumbuyo pafupi ndi msika, ndipo chipambano chotere n'chofunika chikondwerero.

Adakonza Sabata ya Bata Pamsewu. Tenti yaikulu idakhomedwa pabwalo la tsidya la kusukulu, kudabwera gulu la zitoliro, kwaya ya amayi, ojambula a kanema ndi a nyuzipepala. Chikwangwani chachikulu chokhala ndi nkhope ya Wolemekezeka Mkwapatira chidakutidwa ndi nsalu, kudikira kuti mwini nkhope adzachivundukule. Koma amisiri adachizika kumene nthaka idali yofewa, ndipo kumeneko kudali tsidya la kumsika, pafupi ndi benchi ya Nachisale. Palibe adaona vuto mpaka tsikulo.

Wolemekezeka adalankhula kwa ola limodzi ndi theka. Atafika pamapeto, ataona makamera onse ali pa iwo, mzimu wa utsogoleri udawagwira. Adalengeza kuti sakwera galimoto. Awoloka ndi miyendo yawo ngati munthu wamba, kuti dziko lione kuti msewu wa m'mudzi muno mwana akhoza kugonapo. Sadali opusa. Adali atanong'oneza kale mlembi kuti Sajeni Kwalimba aimitse magalimoto onse chakumtunda, kumene makamera sakuona. Chimene sadadziwe n'chakuti Sajeni adali kuseri kwa lole ina ya makala, akukambirana ndi dalaivala wake nkhani zofunika kukambirana kuseri.

A Kafumbata adaona zonse ali pabenchi ya tomato. Wolemekezeka adatsika m'phula ndi nsapato zonyezimira, dzanja limodzi m'mwamba ngati akudalitsa. Mwamwayi padali kampata, ndipo adayenda masitepe asanu ndi limodzi mwaufumu, zitoliro zikulira. Atafika pakati, msewu udabwerera mwakale. Minibasi idadutsa kutsogolo kwawo n'kuwaulutsira pepala la zolankhula. Ina idadutsa kumbuyo, kondakitala wake atatulutsa mutu n'kuwafunsa ngati akupita kudepoti. Mamembala a komiti, amene adalonjeza kuwoloka nawo, adali ataima m'mbali, akuwalimbikitsa ndi manja.

Wolemekezeka adakweza manja onse awiri, nafuula maudindo awo onse motsatana. Huta zidawayankha. Adachita zonse zimene Nachisale amaletsa: adayang'ana madalaivala m'maso, adapita kutsogolo, adabwerera, adapitanso. Kenaka padatulukira wa kabaza atanyamula matiresi ndi mbuzi, akuzemba pakati pa minibasi ziwiri. Matiresiwo adamutchinga mbali imodzi. Wolemekezeka adauluka pang'ono, mosayenera udindo wawo, n'kugwa chagada mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira. Wa kabaza adadzuka, adaona nkhope ya amene wamugunda, adaiyerekeza ndi ya pachikwangwani chimene mphepo idali itachivundukula yokha, n'kuliyatsa liwiro la miyendo, kusiya njinga, matiresi ndi mbuzi.

Magalimoto sadaime. Ankangowazungulira monga amazungulirira dzenje, ena n'kumaliza huta kuti achoke panjira.

Nachisale ndiye adayamba kudzuka. A Kafumbata adawagwira dzanja, maso awo akunena dzina la Abiti Sumani. Nachisale adawayang'ana, n'kunena kuti munthu ndi munthu, ndipo akafera pamenepo msika utsekedwa mwezi wathunthu. Adamasula chitenje chapamwamba, nachikupiza m'mwamba, n'kulowa mumsewu amuna awo ali pambuyo. Adamugwira Tate wa Oyenda wina kumapewa wina m'chiuno, namukokera pakati pa mabeseni a tomato.

Ambulansi idalipo pamwambowo, koma idali itapita kukatenga makireti ena a zakumwa. Chipatala cha m'mudzi chidali pafupi, koma chidali cha anthu. Choncho adawanyamulira Wolemekezeka m'galimoto yawo yaikulu yakuda kuti apite kuchipatala cholipira cha kumapeto kwa mudzi, a Kafumbata atakhala kumbuyo atagwirizira mwendo wothyokawo. Dalaivala wa Wolemekezeka adanyamuka monga adazolowera, ndipo adalowa m'dzenje loyamba osaliona n'komwe. Kukuwa kumene kudatuluka m'galimotomo kudaposa sailini. Pa dzenje lachiwiri Wolemekezeka adalamula kuti galimoto iime ndipo dalaivalayo atsike, asadzaonekenso.

"Alipo wina wodziwa kuyendetsa muno?" adafunsa akulira.

"Ndilipo, bwana, koma ndilibe laisensi. Munaisunga ndinu."

Wolemekezeka adatsegula diso limodzi, nawazindikira.

"Ndakubwezerani. Yendetsani."

A Kafumbata adayendetsa monga adayendetsera moyo wawo wonse. Dzenje lililonse adalizungulira, pokhota adakhota ngati akupepesa. Pofika kuchipatala Wolemekezeka adali atasiya kukuwa, akungobuula, ndipo asanawatulutse adagwira dzanja la a Kafumbata n'kunena kuti sadadziwe kuti galimoto ikhoza kuyenda chonchi.

M'mawa mwake Wolemekezeka adawakweza ndege kupita kunja, poti mafupa a anthu ena salumikizika ndi mphepo ya kwawo. Komiti idakhazikitsa kagulu kofufuza ngoziyo. Wa kabaza sadapezeke, njinga idalibe nambala, matiresi adasowa tsiku lomwelo. Wotsala pamalo a ngozi adali mbuzi yokha. Kaguluko kadapeza kuti mbuziyo idasokoneza woyendetsa ndi kulira kwake, ndipo poti umboni suyenera kusungidwa nthawi yaitali nyengo yotentha, adaudya pa tsiku lotseka kafukufuku.

Koma m'mudzimo mudalowa chiyembekezo. Pamsika, m'maminibasi, ngakhale pamaliro, nkhani idali imodzi: tsopano alawa okha. Amayi a pamsika ankati mizere ibwerera, mwina adzaikanso zitunda zochepetsa liwiro. Madalaivala ena adayamba kufunsa amakaniko ngati mabuleki amakonzeka. A Kafumbata adagula kope, ndipo madzulo aliwonse asanadye ankalembamo maganizo awo: poika mizere, poika zitunda, pomanga mlatho wa oyenda pansi, poimira maminibasi. Pa tsamba loyamba adalemba dzina la Abiti Sumani, osadziwa bwino chifukwa chake.

Patapita miyezi iwiri Wolemekezeka adabwera, atanenepa pang'ono, akuyendera ndodo ya mutu wonyezimira. Msonkhano udaitanidwa pabwalo lomwe lija, ndipo ulendo uno anthu adabwera okha, osachita kuwatumizira lole. A Kafumbata adapatsidwa mpando kutsogolo, kope lili m'thumba la jekete.

"Abale anga," adayamba Wolemekezeka, "ndinkamva ndi makutu, koma tsopano ndamva ndi mwendo. Msewu uwu ndi woopsa. Munthu woyenda pansi m'mudzi muno ali ngati nkhuku pakati pa afisi."

Anthu adaombera m'manja mpaka fumbi lidakwera. Amayi ena adalulutira, ena adapukuta misozi. Wolemekezeka adadikira kuti phokoso lithe, napitiriza kuti zimene zidawaonekera zisadzaonekerenso mtsogoleri wina aliyense. Pachifukwa ichi komiti idagwirizana kuti membala aliyense agulidwe galimoto yaitali, yoti ikhoza kufika pakhonde penipeni, kuti pasadzapezeke wina woponda phula. Idagwirizananso kuti Wapampando akamadutsa, msewu wonse uzitsekedwa, magalimoto ndi anthu omwe, kuyambira pamene akuvala nsapato kunyumba kufikira atakhala pampando ku ofesi.

Manja adayamba kuchepa, koma Wolemekezeka adali asanathe. Adaitana a Kafumbata kuti aime, nawatcha mwana weniweni wa mudzi uno, munthu amene komiti idamuzindikira kalekale kuti ngosiyana ndi ena. Kuyambira tsiku limenelo adzakhala Woyendetsa Wamkulu wa Galimoto ya Wapampando, Msungi wa Mwendo Wolemekezeka. Adawaveka chipewa cha mlomo wakuda, ojambula najambula. A Kafumbata adatulutsa kope lija, koma mlembi adalilandira m'malo mwa bwana, nalonjeza kuti likambidwa pa msonkhano wa kuhotela.

Kunyumba a Kafumbata adakhala pakhonde chipewa chili pabondo, nanena kuti akana. Nachisale adapitiriza kusankha tomato wophwanyika kwa kanthawi. Kenaka adawakumbutsa kuti Tiyese alemba mayeso chaka chino, denga likudontha, ndipo tomato sadyetsa anthu asanu. Adawonjeza kuti m'galimoto mumakhala anthu awiri okha, ndipo bwana alibe kothawira. Mwina tsiku lina akamva.

Lolemba m'mawa a Kafumbata adaimika galimoto yakuda pakhonde la Wolemekezeka. Apolisi adali atatseka msewu kuyambira pamene bwana adayamba kufunafuna sokosi. Adatuluka pageti, galimoto ya sailini ili patsogolo, ndipo Wolemekezeka adawakumbutsa kuti asathamange, mwendo udakali wanthete.

A Kafumbata sadauonepo msewu uli chonchi. Udali mbee, wotakasuka, mpaka nkhunda zidatera paphula. M'tinjira tonse tolowa mumsewu maminibasi adathinana mphuno ndi mchira, mainjini akubangula, madalaivala atatulutsa mitu, apolisi atatambasula manja patsogolo pawo. Akabaza adaunjikana ngati njuchi. Ndipo poti a Kafumbata ankayenda mwaulemu wawo wa masiku onse, ulendo umene dalaivala wakale ankautha m'mphindi zisanu udatenga theka la ola, mkwiyo wa m'tinjiramo ukufufuma ngati mtanda wa mandasi.

Atayandikira msika adaona khamu la oyenda pansi litaima m'mbali mwa msewu: ana a sukulu, amayi a mabeseni, mkulu wina pa njinga ya olumala. Kutsogolo kwawo kudali phula lopanda galimoto ngakhale imodzi, koma chingwe cha apolisi chidawatchinga pamimba. Pakati pawo padali Nachisale, beseni pamutu, dzanja limodzi atagwira mwana wamng'ono wa Abiti Sumani, amene tsopano ankamusamala ngati wawo.

Phazi la a Kafumbata lidapita lokha pa buleki. Galimoto idaima.

"Mwaimiranji?" adafunsa Wolemekezeka ali kumbuyo.

"Pali anthu akufuna kuwoloka, bwana. Msewu uli wopanda kanthu. Akanangowoloka panopa."

"Awoloka tikadutsa, pamodzi ndi ena onse. Sitikondera m'mudzi muno." Adasuzumira pawindo, nayang'ana kumanja ndi kumanzere mokhutira. "Taonani bata lake, a Kafumbata. Chichokereni kunyumba sindinaone ngozi ngakhale imodzi. Anthu amangokonda kudandaula. Tiyeni."

A Kafumbata adayang'ana akazi awo. Nachisale adawagwedezera mutu pang'ono pansi pa beseni, kuwauza kuti azipita. Adachotsa phazi, galimoto idayenda.

Pagalasi loonera kumbuyo adaona Sajeni Kwalimba akuyang'ana wotchi, akuika wezulo pakamwa. Chingwe cha oyenda pansi chidagwa, manja a apolisi a m'tinjira adatsika, zonse pa wezulo imodzi. Khamu lidalowa m'phula, ndipo maminibasi a theka la ola adatuluka onse pamodzi, ya Jekiseni ili patsogolo. Beseni la Nachisale lidaoneka pakati pa msewu, lidabisika kuseri kwa lole, lidaonekanso, kenaka fumbi lidatseka zonse.

"Maso kutsogolo, a Kafumbata," adatero Wolemekezeka akutsegula nyuzipepala. "Ngozi zambiri zimachitika chifukwa choyang'ana anthu."